Chalichi ca Miyala ca ku Feira

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira madzi ace m'Zambezi pakomana maiko atatu. Munthu akaima pa gombe la ku Boma la Luangwa, kumene makolo athu anali kucha Feira, mapazi ace ali m'Zambia. Akapenya kum'mawa, tsidya la Luangwa, aona nyumba za ku Zumbo m'dziko la Mozambique. Akatembenukira ku Zambezi, aona mapiri a ku Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Ife a ku Kavalamanja, amene mudzi wathu uli kumtunda kwa Zambezi, timafika pamenepo kawirikawiri, ena pa bwato, ena pansi, kukagulitsa nsomba ndi mphasa kapena kukagula mcere ndi sopo. Koma ngocepa mwa ife amene adziwa kuti pa malo amenewo panaima chalichi ca miyala zaka zoposa 250 zapitazo, mzinda wa Lusaka ukali chire. Cinali cimodzi ca nyumba zoyamba za mapemphero a Cikristu m'dziko lonse limene tsopano tilicha Zambia.

Ine ndinayamba kumva za malowo kwa agogo anga amuna, amene anali msodzi. Iwo anali kungoti ndi mabwinja a Azungu akale, ndipo za wansembe amene anamanga chalichico sanali kuchulako konse. Zina zonse ndinadzazipeza m'mabuku ndiri wamkulu. Ndifuna kukusimbirani, ana inu, za nyumba imeneyo, ndi za cinthu cimene ndaciganizira zaka zambiri: cifukwa ninji nyumba yolimba yotere inagwa msanga, pamene ku maiko ena machalichi a m'midzi akhala ciriri zaka 800 ndi kupyola?

Liu lakuti Feira nla Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndi msika. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 amalonda ena anakwera Zambezi kucokera ku Tete, mtsogoleri wao ali Francisco Pereira, munthu wa ku Goa m'dziko la India. Poyamba anakhala pa cilumba ca Chitakatira, pambuyo pace namanga ku Zumbo, ndipo ena anaoloka Luangwa nakhala tsidya lino. Cimene cinawakoka ndico golidi wa m'dziko la Changamire, mfumu ya Arozvi, kumwera kwa Zambezi, ndiponso minyanga ya njobvu yocokera kwa Ansenga ndi Alenje. Eni cumawo sanali kuyenda okha maulendo atali amenewa ai. Anali kutuma akapolo ao okhulupirika, atasenza nsaru ndi mikanda, ndipo iwo anali kukhala pa makonde a nyumba zao kuyembekeza mitolo.

Pakati pa anthu amenewa panafika wansembe dzina lace Pedro da Santíssima Trindade, wa gulu la Adominikani, amene abvala mkanjo woyera ndi copfunda cakuda pamwamba pace. Anakhala woyang'anira mpingo wa ku Zumbo kuyambira ca m'ma 1726 kufikira imfa yace m'zaka za m'ma 1750, ndipo olemba mbiri amaika kumangidwa kwa chalichi ca ku Feira, pamodzi ndi nyumba ya ansembe, pafupi ndi caka ca 1745.

Bambo Pedro ndi munthu wobvuta kumuweruza. Anadziwa mitengo ya mankhwala ya m'cigwa cino, napanga mankhwala odzola a masamba ndi mizu yosakaniza ndi mafuta a nsatsi, ociritsira mabala a mibvi yaululu. Ndipo mbiri ya mankhwalawo inali kumvekabe patapita zaka 100 iye atamwalira. Kulinso mbiri yakuti m'caka ca njala anatsegula nkhokwe zace nadyetsa anthu, iwo namgwirira nchito ya kumanga. Koma wansembe yemweyo anali ndi akapolo ambirimbiri omkumbira golidi, nacita malonda monga amalonda ena onse, nalemera koposa ambiri a iwo. Cotero tikamaganizira za manja amene anaphwanya miyala m'phiri, naisenza pa dzuwa la kuno limene inu mulidziwa, tiyenera kukumbukira kuti ena anali manja a akapolo, ena manja a anthu anjala. Anthuwo anamanga nyumba yabwino ndithu, koma sindikhulupira kuti ambiri a iwo pobwerera kwao madzulo anali kunena mumtima kuti, "Tirikumanga chalichi cathu."

Chalichico cinali ndi belu, ndipo pa belulo panali mtanda ndi zilembo zitatu, I H S, zimene ndizo ciyambi ca dzina la Yesu m'cinenero ca Cigriki. Taganizani za ulendo wa belu lotere. Katundu yense wodza ku Zumbo anali kutsika m'combo ku nyanja yamcere, nakwera Zambezi m'mabwato kupyola Sena kufikira ku Tete. Kumtunda kwa Tete kunali mathithi a Cahora Bassa, kumene tsopano kuli dziwe lalikuru la magetsi. Pamenepo bwato silinali kupita, ndipo katundu anali kusenzedwa pa mitu ndi pa mapewa masiku angapo m'njira ya miyala. Mtolo wa nsaru ungathe kugawidwa pawiri ukalemera, koma belu siligawika. Liyenera kuti linapacikidwa pa mtengo, amuna nasinthana mapewa, kufikira linalowanso m'bwato kumtunda kwa mathithi. Ndipo tsiku limene linalira koyamba pa mathiriro a Luangwa, asodzi a m'zilumba anamva liu limene makutu a m'dziko lino anali asanamvepo.

Ulemerero wa Feira sunakhalitse. Malonda a golidi anayamba kucepa, cilala ndi njala zinabwera kawirikawiri, ndipo amalonda anakangana ndi mafumu a dziko. M'caka ca 1804 Mburuma anathira nkhondo Zumbo, amalonda nathawa. Anayesa kubwerera ndi kudzimangira malinga, koma m'zaka za m'ma 1830 anacokeratu onse. Nthawi yomweyo, m'caka ca 1834, boma la ku Portugal linathetsa magulu a ansembe onga Adominikani m'maiko ace onse, kotero kuti panalibenso wotumiza wansembe wina. M'mwezi wa Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada usana. Amenewo anali pa ulendo wao wa kumpoto, ndipo analibe nazo kanthu nyumba za miyala.

Munthu amene anatisiyira mbiri ya mabwinjawo ndiye David Livingstone. Iye anali kutsika Zambezi kunka ku nyanja yamcere pamodzi ndi Amakololo oposa 100 amene mfumu Sekeletu inampatsa, ndipo anali ataona mathithi a Mosi-oa-Tunya m'Novembala 1855. Anadzera tsidya lathu lino, m'midzi ya anthu a Mburuma, nafika pa mathiriro a Luangwa pa 14 Januwale 1856. Anthu sanamkhulupirire, ndipo anali ndi cifukwa, pakuti Mzungu wina anali atadzera komweko kale pang'ono nagwira anthu ukapolo. Poyendayenda tsiku lomwelo Livingstone anapeza zipupa za miyala, nazindikira kuti cinali chalichi. Pambali pace belu linali gone pansi, losweka. Anaona mtanda uja ndi zilembo zitatu zija, koma caka panalibe. Anafunafuna mau olembedwa pa miyala, osapeza ngakhale amodzi. Anafunsa anthu dzina limene Azungu anali kuchula malowo, koma panalibe wodziwa kumuyankha. Zinali zitapita zaka ngati 20 zokha cicokere amalonda otsiriza.

Usiku umenewo Livingstone anabvutika mtima, poopa kuti adzaphedwa pooloka ndipo zonse zimene analemba za ulendo wace zidzatayika. Anaganiza zooloka mobisa usiku, koma atawerenga mau otsiriza a Uthenga wa Mateyu analeka maganizowo. M'mawa mwace amuna a midzi yozungulira anasonkhana ndi zida zao, atacotsa akazi ndi ana, ndipo anambwereka bwato limodzi lokha ngakhale panali ena pa gombe. Katundu anaoloka, ng'ombe zinaoloka, anthu ace naoloka pang'ono pang'ono, iye natsala m'mbuyo pakati pa amuna a mikondo aja. Kodi mudziwa cimene anacita? Anaturutsa wochi yace nawamvetsa kugunda kwace, naturutsanso galasi losonkhanitsa mphamvu ya dzuwa nawaonetsa m'mene litenthera. Iwo anaunjikana kupenya zodabwitsazo kufikira bwato linabwera komaliza. Pamenepo anawayamika, nawatsazika mwamtendere, nalowa m'bwato. Palibe mkondo umene unaponyedwa. Tsidya linalo anapeza mabwinja ena a nyumba za amalonda, mitengo itamera m'kati mwace.

Tsono cifukwa cace Livingstone anayembekeza kupeza caka pa belu ndi maina pa miyala ncakuti kwao ku Britain ndiwo mwambo wace. M'dziko la England muli machalichi a m'midzi zikwi zingapo amene anamangidwa Mzungu woyamba asanaone Zambezi, ndipo ambiri a iwo anthu akali kupempheramo. Mamangidwe ao ngofanana ndithu. Nyumbayo imaloza kum'mawa, ndipo kumeneko ndiko kuli guwa ndi malo a wansembe. Mbali yaikuru ya pakati ndiyo ya anthu. Kumadzulo kuli nsanja ya mabelu, yooneka kutali munthu asanalowe m'mudzi. Pafupi ndi khomo pamakhala mwala wosemedwa ngati mtondo waukuru, wobatiziramo makanda, pakuti anati ubatizo ndiwo khomo la mpingo. Kunja kuli manda, ndi miyala yolembedwa maina ndi zaka. Munthu wodziwa angathe kuwerenga msinkhu wa nyumbayo pongopenya mazenera ace, monga inu mudziwa msinkhu wa mbuzi poona mano. Makomo ndi mazenera obulungira pamwamba, a zipupa zocindikala, ngambiri a nthawi ya Anormani, amene analanda England m'caka ca 1066; osongoka pamwamba anadza pambuyo, ca m'ma 1200, ndipo pomapita zaka mazenera anakulirakulira kuti m'nyumba mulowe kuunika. Kawirikawiri chalichi cimodzi cimakhala ndi mitundu yonseyi, cifukwa mbadwo uli wonse unaonjezapo kanthu kace.

M'mudzi wa Escomb, kumpoto kwa England, muli kachalichi kamene kanamangidwa pafupi ndi caka ca 675, ndiko kuti zaka zoposa 1,300 zapitazo. Amisiri ace anatuta miyala ku linga lakugwa la Aroma ku Binchester, ndipo mwala wina wolembedwa cizindikiro ca gulu la asilikari a Ciroma anauika m'cipupa cadodolido, pakuti kwa iwo unali mwala cabe. Kachalichi kameneko kanasiyidwa kanthawi m'zaka za m'ma 1860, denga niliyamba kuonongeka; koma anthu anasonkha ndalama nakakonza, ndipo kakali ciriri.

Kodi miyala ya ku England njolimba kuposa ya ku Feira? Iai. Kusiyana kwace kuli pa lamulo lina limene ine ndiliyesa lanzeru kwambiri. Kuyambira zaka za m'ma 1200 kunakhazikika kuti wansembe, kapena amene alandira cakhumi ca dzinthu za mudziwo, ndiye akonze mbali ya guwa. Koma mbali yaikuru ya anthu, denga lace, mabelu ndi mpanda wa kumanda, zonsezi zinali mtolo wa eni mudzi. Iwo anali kusankha anzao awiri caka ndi caka osunga thumba la chalichi, ndipo pofuna ndalama anali kufulula mowa ndi kuitana midzi yoyandikana kudzagula, monga momwe ife tiitanira dima pofuna kulimitsa munda. Mlimi wakufa anali kusiyira chalichi nkhosa imodzi kapena mng'oma wa njuci. Denga likadontha linali kudonthera pa mutu wa munthu amene atate wace anagona kuseri kwa cipupa comweco, ndipo munthuyo sanali kudikira kalata yocokera kutali kuti akwere kukatseka. Kuonjezera apo, m'caka ca 1538, masiku a mfumu Henry VIII, kunalamulidwa kuti chalichi ciri conse cisunge buku lolembamo obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda, ndi kuti bukulo likhale m'bokosi lokhoma. Ncifukwa cace anthu ambiri a kumeneko angathe kulondola maina a makolo ao mibadwo khumi ndi kupyola.

Koma ngakhale ku England chalichi cimagwa anthu akacoka. Ku Wharram Percy, m'cigawo ca Yorkshire, mwini dziko anacotsa alimi ca m'ma 1500 kuti awetepo nkhosa, pakuti ubweya unali ndi phindu kuposa tirigu. Mudzi unatha, koma chalichi cinakhalabe zaka mazana anai cifukwa anthu a midzi ina yapafupi anali kudza kudzapempheramo. Amenewo atamanga cao m'caka ca 1870, osonkhana anacepa. Mapemphero otsiriza anacitika mu 1949, ndipo mu 1959 mbali ina ya nsanja inagumuka. Zaka khumi zokha zopanda woyang'anira zinakwanira.

Apa ndipo ndiona cimene cinagwetsa chalichi ca ku Feira. Eni ace anali alendo odzafuna cuma, ndipo cuma citatha anakweza katundu wao m'mabwato. Eni dziko, amene anatsala, analibe manda a makolo ao pamenepo, analibe maina ao m'buku limene akanatha kuliwerenga, ndipo panalibe sukulu imene inasiya ana odziwa tanthauzo la zilembo za pa belu. Ndipo dziko lathu silicedwa kulanda nyumba yosiyidwa. Ciswe cimadya mitanda ya denga m'zaka zowerengeka; denga likagwa, mvula imalowa pamwamba pa cipupa nisungunula dothi la pakati pa miyala; mbalame imasiya njere ya kacere m'mng'alu, ndipo mizu ya kacere imakankha miyala pang'ono pang'ono kufikira itagubuduka. Zotsala anthu amatuta kukaika mafuwa kapena maziko a nkhokwe, ndipo ine sindiwadzudzula, pakuti amisiri a ku Escomb anacita cimodzimodzi ndi linga la Aroma.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo m'caka ca 1862, koma masiku amene anatsatira anali oipa m'cigwa cino. Ndiyo nthawi ya Kanyemba ndi Matakenya, amene anali ndi magulu a Acikunda a mfuti, osaka njobvu ndi ogwira anthu. M'kati mwa masiku amenewo, ca m'ma 1890, kunafika ansembe a gulu lina, Ajezuiti, mtsogoleri wao ali Stephan Czimmermann wa ku Hungary. Iwo anamanga misoni ku Miruru, tsidya la Mozambique, naipatsa dzina la Petro Claver Woyera, amene anatumikira akapolo ku South America. Dzinalo linayenera, pakuti ana ambiri oyamba a pa misonipo anali oomboledwa ku ukapolo. Malungo anapha ansembe angapo: Czimmermann anafa mu 1894, ndipo László Menyhárth, amene anali kusonkhanitsa zomera za m'cigwa ca Zambezi ndi kulemba za mvula ndi mphepo, anafa mu 1897. Koma anzao anapitiriza, namanga chalichi cacikuru, naphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba, kupala matabwa ndi kuumba njerwa. Jules Torrend, amene anayamba misoni ya Kasisi pafupi ndi Lusaka, anayamba wagwira nchito ku Miruru.

M'caka ca 1910 anthu a ku Portugal anacotsa mfumu yao, ndipo boma latsopano linapitikitsa Ajezuiti m'maiko ace. Mukadakhalapo mukadati mbiri ya ku Feira yabwerezanso. Koma ulendo uno ansembe ena sanapite kutali. Anangooloka Luangwa, nakhala ku Kapoche, ndipo posacedwa anamanga ku Katondwe. Sanaoloke okha, pakuti panali tsopano anthu a dziko lino odziwa kuwerenga mapemphero m'cinenero cao ndi kuphunzitsa anzao. Mu 1912 kunafika Ajezuiti a ku Poland kudzatenga nchitoyo, ndipo kucokera ku Katondwe sukulu zazing'ono zinafalikira m'midzi ya m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi. Ambiri a inu mudziwa Katondwe cifukwa ca cipatala cace. Mukadzapitako, kumbukirani kuti pa misoni pamasungidwa mabuku a ubatizo onga a ku England aja, ndipo ena a inu maina a agogo anu alimo, pamodzi ndi mudzi wao ndi maina a makolo ao.

Kachalichi kamene ine ndinakuliramo sikanali ka miyala kapena ka njerwa. Kanali ka nsici za tsanya, zomangidwa ndi mbariro ndi luzi, zomatidwa dothi, ndi denga la udzu. Mipando inali mitengo yogoneka pa mphanda, amuna mbali yina, akazi mbali yina, ana ife pa mphasa kutsogolo kumene mphunzitsi akanatha kutiona tikayamba kutsinana. Belu lathu linali citsulo ca gudumu la galimoto copacikidwa pa mtengo wa msau, ndipo mnyamata amene anapatsidwa kuciomba anali kuyenda modzitama mlungu wonse. Wansembe anali kufika kamodzikamodzi, pakuti njira inali yaitali ndi ya mapiri; masabata ena onse mapemphero anali m'manja mwa mphunzitsi ndi akulu a mpingo.

Livingstone akadaona kanyumba kameneko sakadaima kukafunafuna zolembedwa. Komatu caka ciri conse, anthu atatha kukolola, mkulu wa mpingo anali kuimirira pambuyo pa mapemphero nagawa nchito. Banja liri lonse linali kubwera ndi mitolo iwiri ya udzu. Amuna anali kugogoda nsici imodzi imodzi kuti amve imene ciswe cadya, naizula, naikapo yina. Anyamata anali kusenda luzi. Amai ndi atsikana anali kutunga madzi ku Zambezi, maso ali pa ng'ona, naponda dothi, namata ming'alu, nazira pansi kufikira panasalala ngati mbale. Agogo anga akazi anali ndi ngondya yao imene sanali kulola munthu wina kuizira, ndipo tsiku lina anabweza mpongozi wao amene anafuna kuwathandiza, nati, "Mai, pano mpanga, kazirani uko." Pamene ndinadzawerenga za alimi a ku England ndi denga lao, ndinakumbukira ngondya imeneyo. Ndikawerenga bwino, pa zaka khumi panalibe nsici kapena udzu wa poyamba umene unatsala. Nyumba yonse inali itasinthika, koma tonse tinali kuicha chalichi comwe cija.

Pa 6 Marichi 1978 nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inaoloka Zambezi nifika ku Kavalamanja, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu. Kunadza ndege ndi mabomba, anthu anafa, asilikari ndi eni mudzi omwe, ndipo otsala anathawa nasiya nyumba, mbuzi ndi nkhokwe. Tsikulo limakumbukiridwa kwathu caka ndi caka. Ine ndinali wa msinkhu wanu. Tinakhala kwa eni nthawi yaitali, ndipo pobwerera tinapeza udzu utamera m'mabwalo, ndi kachalichi kathu katagwa mbali imodzi, denga liri pansi.

Akulu anayamba ndi nyumba zogona ndi minda, monga kuyenera. Zitatha izi anakhala pansi pa mtengo wa msau uja nawerenga mabanja amene anabwerera, nagawa mitolo ya udzu monga kale. Ndipo popeza mabanja anali ocepa, liri lonse linasenza mitolo inai m'malo mwa iwiri. Nsici zinadulidwa m'phiri kuseri kwa mudzi. Ife ana tinapatsidwa nchito ya kuponda dothi, imene tinaikonda koposa cifukwa palibe amene akanatikalipira kuti tadetsa miyendo. Tinalowamo tsiku Lamulungu lacitatu, zipupa zisanaume bwino, ndipo amene anatsamira cipupa anaturuka ndi dothi kumsana.